Momwe mungagwirire nyimbo za Final Fantasy ndi khutu n'kuziimba pa kiyibodi

Anthu ambiri amene amaimba kiyibodi bwinobwino kutchalitchi kapena m'kwaya amagwa ulesi akayesa nyimbo za m'magemu a ku Japan otchedwa RPG, aja okhala ndi nkhani yaitali imene wosewera amayenda nayo kwa maola ambirimbiri. Munthu amamva chuni chokoma cha mu Final Fantasy n'kukhala pa kiyibodi ali ndi chikhulupiriro chonse, koma pakatha theka la ola amapezeka kuti wagwira manoti asanu okha ndipo ma chord amene anawazolowera akukana kulowa. Kawirikawiri vuto silikhala khutu lake. Chimene chimamugwetsa n'chakuti wayambira pa nyimbo imene inaimbidwanso ndi orchestra, ndiponso akufuna kumva zonse nthawi imodzi, chonsecho nyimbozi zinalembedwa ngati mizere yochepa ya mawu yoyenda payokhapayokha, monga mmene kwaya imagawirana soprano, alto ndi besi. Mukazimvetsera mzere umodzi pa nthawi, zimagwirika.

Zimene muyenera kukhala nazo

- Kiyibodi ya mabatani 61 kapena kuposa. Yaing'ono kuposa pamenepa idzakuperewerani pa nyimbo ya Prelude, imene imakwera ma octave 4.
- Mahedifoni abwino. Sipika ya foni simatulutsa besi, ndipo popanda besi ntchito yonseyi siingatheke.
- Foni kapena kompyuta yotha kuchepetsa liwiro la nyimbo. YouTube ili ndi malo osinthira liwiro, ndipo pa kompyuta pulogalamu yaulere ya Audacity imachita zambiri kuposa pamenepo.
- Kope ndi pensulo. Amene mumalemba tonic sol-fa lembani momwemo. Ofuna staff notation angagwiritse ntchito MuseScore, imenenso ndi yaulere.
- Nyimbo imodzi yokha, yochokera kwa eni ake. Kuyambira mu 2019 kampani ya Square Enix, eni ake a magemuwa, inaika nyimbo za Final Fantasy pa Spotify ndi pa Apple Music, kotero palibe chifukwa chodalira zojambula zosamveka bwino zimene anthu amangotumizirana.

1. Sankhani nyimbo monga inamvekera m'gemu mwenimwenimo

Apa ndi pamene ambiri amasochera asanakhudze n'komwe batani limodzi. Nyimbo imodzi ya Nobuo Uematsu, amene analemba nyimbo za magemu oyambirira a Final Fantasy kuyambira mu 1987, imapezeka m'mitundu ingapo: ya m'gemu, ya piyano yokha imene ili m'ma album otchedwa Piano Collections, ya orchestra ya m'makonsati a Distant Worlds amene anayamba mu 2007, komanso yokonzedwanso ya mu Pixel Remaster ya mu 2021. Mitundu imeneyi imasiyana kiyi, liwiro, ndipo nthawi zina ngakhale ma chord. Inu funani album imene dzina lake lili ndi mawu akuti Original Soundtrack kapena Original Sound Version.

Chifukwa chake chagona pa makina amene ankaimba nyimbozi. Famicom, makina a magemu amene Final Fantasy yoyamba inatulukirapo, inkatha kutulutsa manoti atatu okha nthawi imodzi, kuphatikizapo mzere wina waphokoso wolowa m'malo mwa ng'oma ndi wina wa timawu tojambuliratu. Wolemba nyimbo analibe pobisala: mzere umodzi unkanyamula chuni, wina unkathandizira, wachitatu unali besi. Super Famicom, imene inali ndi Final Fantasy IV mu 1991 ndi Final Fantasy VI mu 1994, inafika pa mizere 8, ndipo imeneyinso ndi yochepa poyerekeza ndi oimba makumi asanu ndi limodzi okhala pa siteji. Kwa munthu amene akuphunzira, kuchepa kumeneku ndi mwayi waukulu, chifukwa noti iliyonse imamveka poyera.

Pa nyimbo yoyamba ndikulangizani Prelude, ija imamveka ngati zeze wokwera ndi kutsika, yomwe imapezeka pafupifupi m'gemu iliyonse ya Final Fantasy. Mukaitha, pitani pa To Zanarkand ya mu Final Fantasy X ya mu 2001, yomwe ndi ya piyano kale m'gemu mwenimwenimo.

*Chenjezo:* musayambe ndi One-Winged Angel ya mu Final Fantasy VII kapena Dancing Mad ya mu Final Fantasy VI ngakhale mumazikonda chotani. Dancing Mad imatenga mphindi pafupifupi 17 ndipo ili ndi zigawo zinayi zosiyana, pamene One-Winged Angel imasintha maganizo pafupipafupi moti munthu woyamba kumene sapeza poponda.

2. Pezani pamene nyimbo ikubwerera poyamba

Nyimbo za m'magemu otere zinalembedwa kuti zizizungulira osatha, popeza palibe amene amadziwa nthawi imene wosewera atakhale m'mudzi umodzi kapena pa nkhondo imodzi. Poziika pa album, kawirikawiri amazizunguliza kawiri kenaka n'kutsitsa mawu pang'onopang'ono mpaka zii. Izi zikutanthauza kuti nyimbo yolembedwa kuti ndi ya mphindi 4 mwina ili ndi mphindi 2 zokha zoti muphunzire.

Mvetserani yonse katatu musanayatse kiyibodi, maso ali pa nthawi imene ikuoneka pa foni. Lembani m'kope mphindi ndi sekondi pamene mawu oyamba athera, pamene chuni chachikulu chayambira, pamene chasinthira, ndi pamene chabwerera. Patsani chigawo chilichonse chilembo, A, B, C. Zindikirani kuti nyimbo zambiri zikamabwerera sizipita kumayambiriro kwenikweni, koma zimalumpha kachigawo kotsegulira n'kukagwera pa A.

3. Werengani kugunda

Gundani phazi pansi motsatira nyimbo ndipo muone ngati kugunda kwamphamvu kukubwera pakatha katatu kapena kanayi. Prelude imayenda zinayizinayi. To Zanarkand imayenda zitatuzitatu, ndipo amene amaikakamiza kuti ikhale ya zinayi amapeza kuti chuni chikungotsala m'mbuyo osadziwa chifukwa chake. Jambulani mizere ya ma bar m'kope, ikhale yopanda kanthu, kuti manoti adzapeze malo owadikira.

4. Pezani do

Imitsani nyimbo pamalo amene chuni chikumveka ngati chafika kwawo, ng'ung'udzani noti imeneyo osaisiya, ndipo ifufuzeni pa kiyibodi batani ndi batani mpaka mawu anu ndi a kiyibodi atakhala amodzi. Kenaka imbani sikelo yoyambira pa batani limenelo nyimbo ikulira, muone ngati manoti ake akugwirizana nayo.

Nyimbo zambiri za m'magemu amenewa zimapuma pa la, osati pa do. To Zanarkand ili mu E minor, kutanthauza kuti kwa wolemba sol-fa do ali pa G koma kwawo kwa nyimboyo ndi pa la. Mukatenga E ngati do n'kuyamba kuwerenga do re mi, mudzadzaza tsamba ndi manoti otsitsidwa amene sakuyenera kukhalapo, ndipo mudzaganiza kuti nyimboyo ndi yovuta pamene ndi yofatsa kwambiri.

*Chenjezo:* batani la transpose likhale pa 0. Ndikudziwa kuti ambiri aife tinakulira mu C kapena mu F n'kumangosuntha kiyi ndi batani limeneli, ndipo pa mapemphero limapulumutsa nthawi. Pa ntchito iyi limakubisirani chinthu chimene mukufuna kuchiona, chifukwa nyimbozi zimakonda kusuntha kiyi pakatikati, ndipo dzanja limene silinazolowere mabatani akuda limasowa kolowera kusinthako kukafika.

5. Gwirani chuni ndi pakamwa musanachipatse zala

Tengani ma bar awiri okha. Amvetsereni kasanu, imitsani nyimbo, ndipo muwaimbe ndi pakamwa. Ngati simungathe kuwaimba ndiye kuti simunawamve, ndipo zala sizingapeze chimene khutu silinagwire. Mukatha kuimba, fufuzani manotiwo pa kiyibodi ndi dzanja lamanja, lembani, kenaka pitani pa ma bar awiri otsatira.

Pamalo othamanga chepetsani liwiro. Pa YouTube yambani ndi 0.75, ndipo mutsike pa 0.5 pokhapokha ngati zakanika, chifukwa liwiro lotsika kwambiri limasokoneza mawu mpaka manoti afupiafupi amamveka ngati aphatikana. Mu Audacity sankhani kachigawo kamene mukufuna ndipo mugwiritse ntchito Change Tempo, imene imachedwetsa nyimbo popanda kusintha kiyi. Pali ina yoyandikana nayo yotchedwa Change Speed and Pitch (kale inkatchedwa Change Speed) imene imatsitsa kiyi pamodzi ndi liwiro, ndipo anthu ambiri ataya madzulo onse akulemba nyimbo mu kiyi imene kulibe chifukwa chosokoneza ziwirizi.

Pali msampha wina umene uli m'nyimbo za pa makina akale monga Famicom ndi Super Famicom. Pofuna kuti mawu amveke okhuthala, olemba ankapatsa mzere wachiwiri manoti omwewo a mzere woyamba koma mochedwerako pang'ono, kuti zimveke ngati mawu obwerera kuchokera kuphiri. Prelude ya mu gemu yoyamba inapangidwa motero. Mukachedwetsa nyimbo mudzamva ngati manoti achuluka kawiri. Musawalembe onse, tsatirani mzere umene ukutsogola, ndipo pa kiyibodi kukhuthala kuja mudzakupeza ndi pedulo kapena ndi reverb pang'ono.

6. Mvetserani besi payokha

Gawo ili ndi limene limalekanitsa amene amaitha nyimbo ndi amene amangoiyandikira. Valani mahedifoni, iwalani chuni, ndipo mutsatire mawu apansi kwambiri. Poyamba lembani noti imodzi yokha pa bar iliyonse, ija imene ikugwa pa kugunda koyamba, chifukwa nthawi zambiri imeneyo ndi imene imakuuzani chord. Manoti ena apakati mudzawawonjezera pambuyo pake.

Ngati besi ikukana kumveka, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kutsitsa mawu apamwamba pa equalizer ya foni kapena ya Audacity. Yachiwiri, imene ine ndimaidalira kwambiri, ndi kukweza nyimbo yonse ndi octave imodzi pogwiritsa ntchito Change Pitch, n'kulembapo ma semitone 12. Chuni chidzamveka chopyapyala mosakoma, koma besi idzakwera kufika pamene khutu limasiyanitsa manoti mosavuta, ndipo maina a manotiwo sasintha.

M'nyimbo za nkhondo besi ndiyo imayendetsa zonse. Kuyambira Final Fantasy yoyamba mpaka ya VI, nyimbo ya nkhondo imatsegulidwa ndi kamzere ka besi kofanana, kobwereza noti imodzi kangapo kenaka n'kutsikira pa ya pansi pake. Mukakagwira kamodzi, mwagwira chitseko cha nyimbo zisanu ndi imodzi. N'chimodzimodzinso ndi machuni a anthu a m'nkhani: mu Final Fantasy VI munthu aliyense wamkulu ali ndi chuni chake chimene chimabweranso m'malo ena chitavala zovala zina, monga chuni cha Celes chimene ndi chomwe chija cha nyimbo ya pa siteji yotchedwa Aria di Mezzo Carattere. Choncho musataye zimene mwalemba, chifukwa mudzakumana nazonso.

7. Dzazani ma chord, ndipo muyembekezere alendo awiri

Ikani noti ya besi kudzanja lamanzere, noti ya chuni kudzanja lamanja, ndipo muyese chord imene ili ndi manoti onse awiriwo. Yesani ya major, kenaka ya minor, nyimbo ikulira. Imene ili yoona imasungunukira m'nyimbomo, pamene yolakwika imamveka ngati ikukangana nayo.

Prelude ndi sukulu yabwino ya zimenezi chifukwa ma chord ake anayalidwa noti imodziimodzi. Tiyerekeze kuti do ali pa C. Gulu loyamba ndi do, re, mi, so, lobwerezedwa kanayi pokwera, kenaka kuchokera pa do wapamwamba kutsika so, mi, re mpaka pansi; onse pamodzi ndi manoti 32. Taonani kuti re ali m'katimo. Amene amangoimba do, mi, so amamva kuti china chikusowa, ndipo chosowacho ndi re ameneyu, amene amapatsa nyimboyi kuwala kwake konse. Gulu lachiwiri ndi la, ti, do, mi, loyenda mofananamo. Magulu awiriwa amabwerezedwa, kenaka pamabwera chord ya fa ndi ya so, iliyonse ndi noti yake yowonjezera, ndipo musadabwe mukapeza kuti kukwera kwake sikukuyambira pa noti imene yapereka dzina la chord.

Apa ndi pamene alendo awiri aja amafika. Ma chord awiri otsiriza sali m'sikelo ya C: yoyamba ili pa A flat, batani lakuda limene a sol-fa amalidziwa kuti se, ndipo yachiwiri ili pa B flat, yemwe ndi ta. Manoti ake ndi A flat, C, E flat, G, kenaka B flat, D, F, A, ndipo kuchokera pamenepo nyimbo imakwera sitepe imodzi kubwerera pa do. Kayendedwe kameneka, kochokera pa se kudzera pa ta kukafika pa do, Uematsu amakakonda kwambiri, ndipo kamamvekanso m'kanyimbo kachipambano kamene kamalira nkhondo ikatha. M'nyimbo za m'buku la kutchalitchi njira yobwerera pa do imadzera pa so pafupifupi nthawi zonse, n'chifukwa chake dzanja lozolowera kumeneko limathamangira chord ya so n'kupeza kuti yakana. Nthawi iliyonse imene ma chord anu atatu ozolowereka akanika m'nyimbo ya RPG, yesani awiriwa musanayese china chilichonse. Kwa ine, tsiku limene ndinazindikira zimenezi ndi limene nyimbo zambiri zimene ndinazisiya pakati zinayamba kutseguka.

*Chenjezo:* kuyambira mu Final Fantasy IV, Prelude inawonjezeredwa chuni chapang'onopang'ono pamwamba pa manoti okwera ndi kutsika aja. Chimalowa nyimbo itazungulira kale. Chigwireni pachokha monga mwa gawo 5, ndipo musayese kuchiphatikiza ndi manoti othamangawo mpaka onse awiri atakhazikika.

8. Gawirani manja ntchito

Makina sankatopa ndipo analibe zala, choncho si zonse zimene ankaimba zingakwane m'manja awiri. Sungani chuni ndi besi, ndipo pa mizere yapakati tengani noti imodzi kapena ziwiri zimene zikapanda kumveka nyimbo imasintha nkhope. Zotsalazo zisiyeni popanda kudziimba mlandu.

Pa Prelude, njira yosavuta ndi kusinthanitsa manja: lamanzere liimbe manoti anayi oyamba, lamanja anayi otsatira, kenaka lamanzere lidumphe pamwamba pa lamanja kukatenga anayi ena. Pa kiyibodi ya mabatani 61 yambirani pa C wachiwiri kuchokera kumanzere, kuti C wotsiriza kumanja akhale nsonga ya kukwerako, ndiponso kuti mukhale ndi malo otsikira pa la. Yambani pa theka la liwiro lenileni, ndipo muonetsetse kuti pamene dzanja lina likulandira kwa linzake sipakumveka kampata kapena noti yogundidwa mwamphamvu kuposa zinzake.

9. Dzijambuleni ndipo muyerekeze

Jambulani kuimba kwanu pa foni ndipo mumvetsere mawa lake, khutu litapuma. Kenaka imbani pamodzi ndi nyimbo yeniyeniyo kuyambira poyamba mpaka pobwerera. Pamalo pamene mawu agundana ikani chizindikiro m'kope ndipo mubwerere ku besi ya bar imeneyo, chifukwa nthawi zambiri cholakwa chimakhala kumeneko. Pokhapokha mutafika apa ndi pamene mungatsegule pepala la manoti lolembedwa ndi ena kuti muyerekeze ndi lanu. Pomaliza sankhani mothera, popeza nyimbo yozungulira ilibe mathero ake: njira yodalirika ndi kuimba A kachiwiri, kuchedwetsa ma bar awiri otsiriza, n'kupuma pa chord ya kwawo.

Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwa chofala kuposa zonse ndi kutsatira mavidiyo a timizere tamitundu togwera pa mabatani. Amaphunzitsa zala malo oponda, koma khutu limakhala chimodzimodzi, ndipo pa nyimbo yachiwiri munthu amayambiranso pachiyambi ngati sanaphunzirepo kanthu. Ambiri mwa mavidiyo amenewa ndi a anthu amene anasintha kiyi kapena kuchotsa manoti kuti zikhale zosavuta, ndipo sanena.

China ndi kusakaniza mitundu iwiri ya nyimbo imodzi, monga kugwira chuni pa ya m'gemu koma besi pa ya Piano Collections. Okonza nyimbo za piyano amasintha ma chord mwadala kuti zikome pa chida chawocho, kotero manja awiriwo sadzagwirizana ngakhale onse atakhala olondola paokha.

Pali amene amawongola nyimbo mosadziwa. Akamva noti yachilendo, khutu lawo limaisinthira pa imene anaizolowera, ta n'kusanduka ti, fe n'kusanduka fa. Zimenezi zimaonekera kwambiri munthu akachoka kwa Uematsu n'kupita kwa Yasunori Mitsuda, amene analemba nyimbo zambiri za Chrono Trigger ya mu 1995 ndipo amakonda ma chord a manoti anayi kapena asanu. Noti ikakudabwitsani, imitsani nyimbo pomwepo, iimbeni ndi pakamwa, ndipo muilembe monga mwaimvera.

Pedulo nayo imawononga zambiri. Kuiponda osaisiya pa Prelude kumasakaniza chord ya do ndi ya la n'kukhala matope. Inyamuleni nthawi iliyonse imene gulu la manoti lasintha.

Chotsiriza ndi kukhala pa kachigawo kamodzi kwa maola awiri mahedifoni ali m'makutu mokweza. Pakatha mphindi 30 kapena 40 khutu limayamba kumva zimene likufuna, osati zimene zikulira, ndipo kukweza mawu kumangolipweteka. Vulani mahedifoni, siyani bar imene yakanikayo yopanda kanthu m'kope, pitirizani ndi yotsatira, ndipo mudzabwerere pa yosiyidwayo mutadziwa chord ya kutsogolo kwake ndi ya kumbuyo kwake.